Tsiku Limene Rauta Yathu Inakwera Basi

Loweruka, sabata yachiwiri ya Okutobala

Ndadzuka ndikuseka. Sindikunama. Mkulu wanga Mwila, amene ndimagona naye bedi limodzi, wandigunyuza ndi chigongono n'kunena kuti, "Iwe Chileshe, wayamba futi? Leka bantu tigone." Ndayesa kuluma pilo, koma chiseko chikungotuluka chokha. Lero ndi tsiku lachiwiri ndili chonchi. Dzulo aphunzitsi a masamu anachita kuima pakati pa phunziro n'kundifunsa ngati mutu uli bwino.

Mutu uli bwino, anzanga owerenga tsamba lino. Koma mukanandiona Lachinayi lapitali cha m'ma hafu pasiti 2 masana, nditakhala pasimenti ndikulira mu yunifolomu yosita bwino, simukanakhulupirira kuti ndi munthu yemweyu.

Muyambe mwamva mmene zinayambira.

Mwezi watha mayi Tembo, aphunzitsi athu a sayansi, anatiuza atsikana a Giredi 11 kuti pali bungwe lina limene likufuna atsikana ochepa oti akaphunzire za makompyuta patchuthi cha Disembala. Ndinalemba kalata. Ndinaing'amba n'kulembanso ina, chifukwa yoyambayo inali ndi "chonde" kasanu ndi kawiri. Patapita milungu itatu yankho linabwera: ndadutsa gawo loyamba, ndipo Lachinayi 3 koloko masana adzandifunsa mafunso pa intaneti, iwo akundiona ine ndikuwaona. Mphindi makumi awiri basi. Koma kumapeto kwa yankholo kunali mzere wina. Unkati wosapezeka pa nthawi yake sadzapatsidwa tsiku lina, ndipo aliyense aonetsetse kuti intaneti yake siikudukaduka.

Aonetsetse! Ku Matero, komboni yathu ino! Mu Okutobala uno!

Inu nomwe mukudziwa. Kwathu masiku ano magetsi amabwera cha m'ma 9 koloko m'mawa, ikamakwana 12 koloko apita. Amabwera ngati mlendo amene anaphunzira bwino nthawi imene pakhomo sipakhala munthu. Filiji yathu inasiya kalekale kukhala filiji. M'mwamba amayi amasungamo mbale, m'munsi mmene munkakhala tomato muli mabuku anga a chaka chatha. Kusukulu nakonso magetsi akapita, chipinda cha makompyuta chimatsekedwa.

Mwayi wanga ndi woti Mwila ali ndi rauta, kachipangizo kaja kobweretsa intaneti m'nyumba. Iye amagulitsa salaula, zovala zakaunjika, m'tauni, ndipo madzulo amatumizira makasitomala zithunzi za madiresi. M'nyumba mwathu foni imagwira netiweki pokhapokha utakwera pampando n'kuitukula m'mwamba, koma rauta, imene inapachikidwa pamsomali pafupi ndi windo, imagwira bwinobwino. Vuto lake ndi limodzi: magetsi akapita, nayo imatseka maso.

Loweruka lapitalo Mwila anabwera kuchokera m'tauni magetsi asanapite, atanyamula kabokosi kakuda kofanana kukula ndi sopo wochapira. Mkati mwake muli batire. Waya umodzi umapita kusoketi yapakhoma, wina kurauta. Wogulitsa anamuuza kuti kakadzaza kamayendetsa rauta maola asanu, ndipo magetsi akabwera kamadzidzaza kokha.

"Ni ka interview yako aka," anatero Mwila. "Ukalephela, usakambe ati ni malaiti."

Tinakayesa pomwepo. Mwila anazimitsa swichi yapakhoma, rauta inangopitiriza kuphethira ngati palibe chachitika. Ndinavina. Amayi anaimba nyimbo yakukwaya. Tinayatsanso swichi ija, amayi anaika kabokosiko pamwamba pa kabati n'kukafunditsa kansalu koluka, pakuti kwathu chinthu chilichonse chamtengo wapatali chimafunda kansalu koluka.

Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu ndinkabwera ndi laputopu imene mayi Tembo anandibwereka, n'kumayeserera kuyankha mafunso ola lathunthu kapena kupitirira. Madzulo Mwila ankatumiza madiresi ake. Tikamaliza tinkazimitsa kabokosiko pakabatani kake kuti kasathe mphamvu pachabe. Ndinkayenda mumsewu ngati mwana wa nduna. Mdima uli m'komboni monse, ine ndili ndi intaneti!

Lachinayi linafika. Mayi Tembo anandilola kuweruka msanga, n'kundipatsa laputopu yodzaza bwino. Amayi anatseka benchi yawo kumsika dzuwa lili pamutu, chinthu chimene sachita ngakhale akudwala. Anasita yunifolomu yanga ndi ayironi ya makala. Anapachika chitenje chatsopano kumbuyo kwa mpando kuti anthu a mafunso asaone filiji ya mbale. Kota pasiti 2 ndinayatsa kabokosi, rauta inayaka, laputopu inagwira. Ndinakhala mowongoka n'kumayeserera kumwetulira.

Patangopita mphindi khumi, rauta inazima.

Ndinadina kabatani. Zii. Ndinadinanso. Ndinakagwedeza kabokosiko, n'kukapuzira ngati mbaula. Zii.

Zimene ndinalankhula pamenepo sindinganyadire nazo. Ndinati wogulitsa uja ndi mbava. Ndinati Mwila wamaliza batire ndi madiresi ake opanda pake, ndipo safuna kuti ine ndipite patsogolo. Mwila kunalibe, anali m'tauni pamodzi ndi foni yake, foni yokhayo ya intaneti pabanja pathu. Ndinakhala pansi n'kuyamba kulira.

Amayi anatuluka opanda nsapato n'kubwera ndi ba Yusufu.

Ba Yusufu ndi aneba athu. Makolo awo anachokera ku Malawi, ndipo iwo amakonza mawailesi ndi mafoni m'kashopu ka malata kutsogolo kwa nyumba yawo. Sathamanga, salankhula mokweza, ndipo Chinyanja chawo ndi chija cha m'mabuku. Analowa, anavundukula kansalu koluka, n'kuyang'ana timagetsi tinayi tapakabokosi timene timasonyeza mphamvu yotsala. Ine sabata yonse sindinatione n'komwe timagetsito, tinali titafunda. Tonse tinali titazima. Ba Yusufu anagwira waya ndi zala ziwiri n'kuyamba kuutsatira pang'onopang'ono, kuseri kwa kabati, pansi pa windo, mpaka pakhoma. Anagwada.

"Mayi," anatero, "amazimitsa apa ndani?"

Amayi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana dzanja langa.

Anzanga, kodi kwanu lamulo limeneli kulibe? Ndili Giredi 4, magetsi anabwera tsiku lina ndi ukali n'kuwotcha TV yathu. Inafuka utsi ife tikuyang'ana. Kuyambira tsiku limenelo amayi anakhazikitsa lamulo: wotuluka m'nyumba pomaliza azimitse masoketi onse. Amayi amalawirira kumsika, Mwila amatsatira, wotuluka pomaliza ndine. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuzungulira nyumba m'mawa uliwonse, thu, thu, thu, chikwama chili kumsana, mutu uli kale kusukulu. Sindiganiza n'komwe. Dzanja limadziwa lokha njira. Ndipo madzulo palibe amene amayatsanso, poti ayatsirenji magetsi kulibe?

Ndiye kuti sabata yonse magetsi ankabwera, n'kugogoda pasoketi, n'kupeza potseka. Kabokosi kankangotulutsa, osalandira kanthu. Wotseka anali mwini mafunso.

"Batire si chitsime, mwana wanga," anatero ba Yusufu. "Ndi ndowa. Munthu amafunika kuitungira."

Nthawi inali itakwana 2:35.

Anatembenuza rauta n'kuwerenga timalemba tapansi pake. "Iyi imadya mavolti khumi ndi awiri. Batire la galimoto likhoza kuiyendetsa." Ndinadumpha, podziwa kuti iwo ali nalo batire m'shopu. Anapukusa mutu. Lawo analibwereketsa kumzikiti, likuyendetsa sipika, ndipo kupita ndi kubwera ndi wapansi nthawi ingakhale itatha.

Amayi anali atatulutsa kale kafoni kawo ka mabatani. Ankaimbira mlongo wawo, amalume anga, amene timawaitana kuti ba yama. Iwo amayendetsa basi yaing'ono ya m'tauni ndi Matero.

"Uli kuti? Bwela kuno manje manje. Awe, sinifuna kumvela. Uli na bantu? Bwela nabo! Mwana wako alila apa. Nakamba bwela nabo!"

Anadula foni. Amayi akadula foni chotero, nkhani imakhala yatha.

Basi singalowe m'kanjira kathu chifukwa cha ngalande, choncho tinathamangira kumsewu. Ine ndinafungatira laputopu, amayi ananyamula rauta pamodzi ndi msomali wake umene unazuka, ba Yusufu ankabwera pambuyo ndi waya wa wailesi yakale ndi timano tiwiri topanira. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinawaona akuyenda mofulumira.

Itatsala mphindi khumi kuti ikwane 3 koloko, basi inatulukira ikufukiza fumbi, n'kuima pafupi ndi ngalande. Munali anthu asanu ndi anayi. Onse ankakuwa.

"Ba driver, kuno ni kuti? Mwatiba?"

"Ise tili na vochita, imwe!"

Ba yama anatembenuka ndi nkhope ija amaonetsa apolisi a pamsewu. "Makolo anga, five minutes chabe. Ni nkhani ya sukulu."

Batire la basi lili pansi pa mpando wakutsogolo. Ba Yusufu anatukula mpandowo, n'kuyeza ndi kamita kawo, n'kunena modekha kuti, "Zimitsani injini."

Ba yama anatuwa. "Awe mudala, iyi siizima. Sitata inafa. Nikazima ni kukankha."

"Injini ikamalira mphamvu imakwera kupitirira khumi ndi awiri. Tingawotche rauta ya mwana."

Ba yama anayang'ana amayi. Amayi anangopinda manja pachifuwa. Injini inazima.

Pamenepo phokoso linachita kuwirikiza. Bambo wina wovala tayi anaimirira mpaka kugunda mutu kudenga, akuti akufuna nambala ya mwini basi. Koma mayi wina wonenepa amene anakhala mzere wachiwiri, beseni la kapenta, tinsomba touma tija, lili pamwendo, anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumaso anga otupa.

"Iwe mwana, ni chani kansi?"

Ndinafotokoza mwachidule.

"Ni ma exam?"

"Ni interview, ba mayo. Pa fifitini, 3 koloko."

Mayiyo anaika beseni pansi n'kutembenukira anthu aphokoso aja. "Imwe bonse, chongo chisile! Mwana alemba. Ba tayi, nkalani pansi, simuli mweka bamene munapita kusukulu." Kenako anandikokera pampando wake. "Nkala apa pali kamphepo. Pukuta menso, uoneka monga bakumenya."

Ba Yusufu anapana waya wofiira kumene kuli kofiira, wakuda kumene kuli kwakuda. Pofuna kuti netiweki igwire bwino, anatulutsa rauta pawindo n'kuikhazika pamwamba pa basi, kondakitala, bambo wamtali wa ndevu, ataigwirizira ndi dzanja limodzi. Tonse maso anali kwa kondakitala, poti ndi yekhayo amene ankaona timagetsi ta rauta.

"Kamodzi kayaka," anatero. "Tubili. Tutatu. Ba sista, yagwila!"

Laputopu inalira kaja kamalira ikapeza intaneti. Nthawi inali 2:58. Netiweki inali yodzaza kuposa mmene inakhalirapo pamsomali wathu.

Pagalasi panaoneka anthu atatu, amayi awiri ndi bambo mmodzi, aliyense m'chipinda chake chowala. Anandipatsa moni m'Chingerezi, ndinayankha. Anandifunsa chifukwa chimene ndikufunira kuphunzira za makompyuta. Yankho limeneli ndinaliloweza masiku atatu, koma pamenepo linathawa lonse. M'mutu munangotsala fungo la kapenta. Ndinayankha zodukaduka, thukuta likutsika kumsana. Mayi wa kapenta anayamba kundikupiza ndi chikatoni, atabisa dzanja pansi kuti lisaoneke pakamera.

Kenako mmodzi mwa amayi aja anayandikira pagalasi lake n'kufunsa kuti, "Kodi uli m'basi?"

Ndinaganiza kuti basi, ayesa kuti ndine mtsikana wosasamala, amene wakumbukira za mafunso ali paulendo. Ndinafuna kunama. Koma ndiname chiyani, kumbuyo kwanga kukuoneka mipando ndi chipewa cha agogo ena? Ndinawauza zonse. Za magetsi a m'mawa, za kabokosi, za TV imene inapsa, ndiponso za dzanja langa. Ndinanena kuti wolakwa ndine.

Bambo wa pagalasi uja anayamba kuseka mpaka anavula magalasi. Mayi uja sanaseke. Anafunsa kuti, "Nanga injini mwazimitsiranji?"

Ndinafotokoza za mavolti, kuti injini ikamalira imadzaza batire, ndiye mphamvu imakwera. Anafunsa kumene ndinaphunzira zimenezo. Ndinati ndaphunzira mphindi khumi zapitazo kwa aneba athu okonza mawailesi. Anati akufuna kuwaona. Ndinatembenuza laputopu, koma ba Yusufu anabisala kuseri kwa chitseko cha basi, n'kungotulutsa dzanja kubayibitsa. M'malo mwawo anthu a mafunso anaona basi yonse: anthu asanu ndi anayi atakhala chete ngati m'tchalitchi, thukuta lili kamukamu, aliyense akumwetulira mwaulemu. Agogo a chipewa anavula chipewa.

Kuchokera pamenepo lilime linamasuka. Anandifunsa chimene ndingapange nditadziwa kulemba mapulogalamu, ndinati kanthu kochenjeza munthu pafoni kuti batire lake silikulandira moto. Anandifunsa buku limene ndawerenga posachedwa. Pomaliza anandipatsa funso la masamu loti ndiwerengere pamtima. Bambo wa tayi, yemwe uja ankafuna nambala ya mwini basi, anayamba kundionetsa zala kuseri kwa laputopu, maso ali tong'o, milomo ikuyenda. Ndinayang'ana kumbali. Ndinawerengera ndekha n'kupereka yankho langa. Sanandiuze ngati ndakhoza. Dzulo ndinafunsa aphunzitsi a masamu: ine ndinaphonya pang'ono, koma ba tayi anaphonya kutali kwambiri.

Mphindi makumi awiri zinakhala makumi awiri ndi zisanu. Anati adzatiuza zotsatira onse akatha kufunsidwa. Galasi linada. Ndinatseka laputopu pang'onopang'ono.

"Yasila?" ananong'ona mayi wa kapenta.

"Yasila."

Nthungululu imene inalira m'basimo inatulutsa anthu m'nyumba mpaka kumzere wachitatu. Amayi anandikumbatira kudzera pawindo. Kondakitala anatsitsa dzanja limene linali litachita dzanzi, akuti kuyambira lero tizimutcha injiniya. Ba tayi anandigwira chanza n'kunena kuti Chingerezi changa chili bwino, kungoti ndizikweza mawu.

Ndiye panatsala kukankha.

Munaonapo anthu okwera basi akukankha basi akuseka? Ine ndinaona. Ba tayi anapinda malaya. Agogo anapatsa amayi chipewa kuti awagwirire, amayi anachivala n'kuyamba kukankha nawo opanda nsapato. Ba yama ali pachiwongolero akukuwa, "Futi! Futi! Mwadya chani kansi?" Basi inatsokomola kawiri, kachitatu inalira, utsi wakuda unatiphimba tonse, anthu n'kumathamangira kukwera ikuyenda.

Mayi wa kapenta anakwera pomaliza. Ali pakhomo la basi anandigwira tsaya n'kunena kuti, "Mwana wanga chaka chatha enze na interview yake ya nchito. Foni inazima pakati. Sibanamuitane futi." Anatero akumwetulira, basi n'kunyamuka. Dzina lawo sindinafunse.

Madzulo Mwila atabwera ndinagwada n'kupepesa pa zonse ndinamunenera iye kulibe. Sakanadziwa, koma amayi anali atamuuza kale liwu ndi liwu. Anandikhululukira, koma akuti mpaka Khirisimasi dzina langa ndi ba Zimani. Za lamulo la masoketi, amayi akuti silinathe, poti TV ija sinadziwotche yokha. Ba Yusufu anatiikira kachipangizo koteteza magetsi akabwera ndi ukali pasoketi imodzi yokhayo, ndipo amayi anamata pulasitala paswichi yake. Dzulo m'mawa ndikutuluka, ndinangozindikira chala changa chili papulasitalapo, chikukanda kufuna kudina. Ndinachimenya.

Chala chimenechi chandiganizitsa. Ndi zinthu zingati zimene timachita chifukwa mdima unatiphunzitsa, ndipo sitidzifunsanso? Magetsi akabwera Loweruka tonse timathamanga ngati nyumba ikupsa: uyu ayironi, uyu foni, uyu ketulo, ngakhale amene alibe ludzu la tiyi. Mnzanga wina anandiuza kuti analowa m'nyumba ya azakhali ake ya sola, magetsi ali ngwee, iye n'kuyamba kufunafuna kandulo. Tikapita kwa anthu, tisanafunse za moyo, maso amakhala akusaka soketi. Timati tazolowera, ndipo timanena monyadira.

Tsopano mabokosi a batire, masola ndi mainiveta ali m'mashopu ponseponse, ndipo ndi zinthu zabwino. Amene angathe agule. Koma mverani ine amene ndinalira pasimenti: musakafunditse kansalu. Muziyang'ana timagetsi take tsiku lililonse. Muuze aliyense m'nyumba, makamaka amene amatuluka pomaliza, kuti soketi iyi yokha isazimitsidwe. Ndipo mukakhala ndi chinthu chachikulu mawa lake, yesani lero, osati kudikira mphindi makumi anayi zomaliza.

Koma pali china chimene chikundisokoneza pakati pa chiseko changachi. Kuyambira dzulo aliyense akundiyamikira kuti ndine wochenjera. Wochenjera pati? Ine ndinalira basi. Ndinapulumuka chifukwa ndili ndi mkulu wa rauta, aneba odziwa mavolti, amalume a basi, ndi amayi amene akadula foni nkhani imatha. Chotsanipo chimodzi chokha, ndipo anthu atatu aja akanangoona dzina langa pagalasi lakuda, n'kulemba kuti sanabwere. Mwana wa mayi wa kapenta uja, kodi anali wopusa kuposa ine?

Inu akuluakulu amene mumakonza mafunso, mayeso ndi mafomu a pa intaneti, sindikukunenani. Amene anandifunsa ine anali anthu abwino, ndipo ndikufunitsitsa kuti anditenge. Koma mukamalemba kuti aliyense aonetsetse, mumaona nyumba yotani m'maganizo mwanu? Mukati mukufuna atsikana a m'makomboni, kodi mukufuna amene amadziwa masamu, kapena amene ali ndi batire? Nanga kusukulu kwathu kuno, kabokosi kamodzi ndi rauta imodzi mu ofesi, zoti mwana aliyense amene ali ndi mafunso azidziwa kothawira, zingatilepheredi?

Ndikufunsa chonchi chifukwa m'kalasi mwathu tinadutsa gawo loyamba awiri. Winayo ndi Bupe wa ku Chunga, amene amakhala kutsogolo pafupi ndi windo ndipo salankhulalankhula. Iye mafunso ake ali Lolemba, 3 koloko yomweyo. Kwawo kulibe rauta, kulibe ngakhale waya wa magetsi. Ndamva kuti akufuna kukaima kuseri kwa golosale ina ndi foni ya msuweni wake, poti pamenepo netiweki imagwirako.

Bupe amandiposa masamu. Funso lija ndinaphonya pang'ono, iye akanaliyankha asanamalize kulifunsa. Malo ndi ochepa. Ndipo poti patsamba lino ndinalonjeza kuti ndizilemba zoona, ndivomere: dzulo pa nthawi yopuma ndinaganiza kuti foni ya msuweni wakeyo ikaduka, mpikisano uchepa ndi munthu mmodzi. Sindinaganize kamphindi chabe ayi. Ndinaganiza mpaka belu linalira, ndikudya chitumbuwa changa, ndikumuyang'ana ali yekha pansi pa mtengo akuwerenga timapepala take.

Ndafunsa amayi m'mawa uno ngati Bupe angadzagwiritse ntchito rauta yathu Lolemba, avomera. Mwila wati rauta ilipo bola ba Zimani asayandikire khoma.

Choncho mawa tikaweruka kutchalitchi ndikwera basi ya ku Chunga. Bupe alibe foni, ndipo nyumba yawo sindikuidziwa, ndimangodziwa kuti ili kuseri kwa chigayo. Ndikafunsa khomo ndi khomo mpaka ndimupeze, ndikamuuze kuti Lolemba tikaweruka tipitire limodzi kwathu. Mwina akandilanda malo. Koma ngati ndimpose Bupe, ndikufuna ndimpose iye akuyankha, anthu atatu aja akumumva mpaka liwu lomaliza.